Mafuta a Nkhumba pa Tcheni

Lero ndikutsuka tcheni chatsopano cha njinga yanga, fungo la parafini landikumbutsa bambo anga. Loweruka lina anagula tcheni cha njinga yawo ku Mzimba boma, poti m'mawa mwake ankakalalikira ku Champhira. Atachitsuka, anandipatsa nthenga ya nkhuku.

"Uphake mafuta pachoko waka, mwana wane."

Ankatanthauza kuti ndipake mafuta pang'ono chabe, koma sananene kuti mafuta ati. Ine ndinkafuna kuona ngati mafuta a nkhumba a mayi angapose oyilo, ndiye ndinapaka ponseponse. Chinanyezimira bwino.

M'mawa bambo anatuluka Baibulo lili m'manja, n'kupeza galu wathu akunyambita tcheni. Anagwada, ananunkhiza, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Yewo, mwana wane," anatero. "Galuyu lero anditsatira mpaka paguwa."