Lumo la pa Maliro a Mkazi Wanga

Ndinapita ku chipatala cha ku Fingoe kukapereka magazi kwa mng'ono wanga, amene dothi linamugwera m'dzenje la golide. Magazi anga anawakana. Namwino anandiitanira pambali, nandionetsa pepala lolembedwa m'Chipwitikizi. Mawu amene ndinawazindikira anali amodzi okha: positivo.

"Muli ndi kachirombo ka hepatite B, bambo, kamene kamakhala m'chiwindi. Mubwerenso ikatha miyezi isanu ndi umodzi. Tikakapezanso, ndiye kuti ndi kokhalitsa."

Sindinafunse zambiri. Nditafika kwathu ku Chiputo ndinapatula mbale yanga ndi kapu yanga. Kutchalitchi ndinaleka kupita kutsogolo pa Mgonero, kuopa kuipitsa chikho cha anzanga. Mwana wanga wamkazi, amene amandiphikira chimwalirireni amake, ankandiyang'ana ndikudyera ndekha pansi pa mtengo.

"Ababa, mwasanduka mlendo pakhomo panu pomwe? Kapena ndiwo zanga zayamba kuwawa?"

Mvula itatha, njira itauma, ndinakwera njinga yamoto kubwerera kuchipatala. Pepala lachiwiri linanena zomwezo. Namwino anati mwina kachiromboko ndinakatenga ndili mwana, ndipo ambiri amakalamba nako osadwala. Chiwindi changa chinali chikugwirabe ntchito bwino. Anati azichiyeza nthawi ndi nthawi, ndipo mowa ndisaukhudze. Ndinamuuza za mbale ndi chikho. Anaseka pang'ono.

"Mwadzizunza chabe, bambo. Sikayenda m'mbale. Kamayenda m'magazi: pobadwa, pogonana, pa singano, pa lumo lobwerekana."

Atatchula lumo ndinakumbuka mphini zimene anatitema tili ana, tonse pamzere. Kenaka ndinakumbuka tsiku lometa maliro a mkazi wanga. Mwa mwambo wathu, wamasiye ndiye amayamba kumetedwa. Mlamu wanga anandimeta, nanditema pang'ono kuseri kwa khutu, magazi natsikira m'khosi. Anapukuta lumo pa buluku lake, naitana mwana wanga kuti akhale pamwala womwewo.

Miyezi yonseyi ndinkatchinjiriza mwanayo ku mbale, pamene lumo linali litadutsa kale pamutu pake.

Mlamu wanga sindimuimba mlandu. Anachita zimene makolo ake anachita, ndipo anazichita ndi misozi.

Ndinamuuza mwana wanga zonse tikupalira chimanga cha kudimba, chifukwa kumuyang'ana m'maso sindikanatha. Anaimika khasu nati, "Ndiye tipite akandione, ababa. Kulira tilire titamva."

Tinadikira zotsatira pabenchi la chipatala, ine ndikupemphera chamumtima, iye akusenda mtedza. Pepala lake linati negativo. Analibe kachirombo, koma analibenso chitetezo, choncho anayamba katemera wa majakisoni atatu. Lamlungu lotsatira ndinapita kutsogolo, ndinamwera chikho pamodzi ndi anzanga.

Chaka chatha azakhali athu anatisiya. Pa tsiku lometa ndinafika ndi malumo atsopano m'thumba la jekete, munthu aliyense lake. Ena anang'ung'udza kuti maliro amodzi amametedwa ndi lumo limodzi. Ndinawauza poyera chimene chili m'magazi mwanga, ndipo ndinapempha kuti ine andimete pomalizira. Mlamu wanga anayang'ana malumowo nthawi yaitali. Kenaka anatenga limodzi, nalivula pepala, naitana woyamba.