Wayilesi Atatseka Pakamwa

Inu amene ntchito ikukukokerani uku, banja likukokera uko, mpaka mwayamba kuganiza zotaya chimodzi, senderani pafupi ndikuuzeni za mayi wina wa zisudzo amene anzake ankamutcha Wayilesi.

Masana ena mayiyu anafika pakhomo pake nthawi isanakwane, chikwama cha zovala za sewero chili m'manja, maso ali psuu. Anali atangolandidwa mbali yaikulu m'sewero limene analikhetsera thukuta kwa miyezi. Asanagwire chitseko anamva mawu m'nyumba. Mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo, ankafotokozera bambo ake za galu amene analowa m'kalasi. Mtsikanayu anali wachibwibwi. Liwu linkamukanirira pakhosi, iye n'kulimbana nalo mpaka lituluke. Bambo ake, telala wosokera pakhomo, anali ataimitsa makina, akungodikira. Nkhani itatha anaseka onse awiri.

Wayilesi anatsegula chitseko. Mwana uja anangoti zii, maso pansi, n'kuyamba kutola tizidutswa ta nsalu.

Zinamupweteka kuposa za kuntchito zija. Anayesa kukumbukira tsiku limene mwana wake anamuuzapo nkhani, tsikulo silinapezeke. Moni mwanayo ankayankha ndi mutu. Njala ankaloza ndi chala. Mawu anali nawo ndithu, koma osati a amayi ake.

Musaganize kuti mayiyu anali wankhanza, ayi. Mwanayo ankamukonda ngati diso lake. Vuto linali pakamwa. Dzina la Wayilesi sanalitole panjira. Munthu ukamupatsa moni ankakuyankha, kudzifunsa yekha za kwanu, n'kudziyankhanso iwe uli kukamwa yasa. Ndiye m'mawa uliwonse, iye akuthamangira kokayeserera sewero, mwana akangoyamba kuti "A-a-amayi, ndi-ndi," mayi anali atamaliza kale: pensulo nayi, tiyi uyo, nsapato zili kuseri kwa chitseko, fulumira ndachedwa. Iye ankati akuthandiza. Mwana anaona kuti mawu ake sadikiridwa, basi anawasunga.

Nthenda yomweyi ndi imene inamugwetsa pa siteji. Mutu wake unali wakuthwa, moti ankaloweza mawu ake ndi a anzake omwe. Dzulo lake, holo itadzaza, mnyamata amene ankasewera ngati mwamuna wake anaima kaye chete asananene kuti ukwati watha. Kuimako kunali kwadala, kuti anthu agwire mtima. Wayilesi anaganiza kuti mnzake waiwala. Ananena yekha kuti ukwati watha, n'kutembenuka kudzilirira yekha kuti asasiyidwe. Pamalo poti anthu apukute misozi, holo yonse inafa ndi phwete.

Mkulu wa gululo, amene ankamutcha Bambo Bwerezani chifukwa liwu limenelo silinkachoka pakamwa pawo, sanachedwe. Mbali yaikulu anaipereka kwa wina. Wayilesi anamupatsa mbali ya mayi wokhala pabenchi ya kuchipatala, amene anthu amabwera kudzamuuza mavuto awo, iye osatulutsa liwu n'limodzi lomwe kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tsono masana aja, mwana atatuluka kukasewera, Wayilesi anauza mwamuna wake kuti zisudzo wazisiya. Anati akuluakulu ananena zoona kuti mapanga awiri avumbwitsa, taonani lero kuntchito wanyowa, kunyumba wanyowa. Kuli bwino akhale pakhomo alere mwana.

Telala uja anadula ulusi ndi mano, n'kumuyang'ana.

"Amayi ake, mukhoza kukhala pano kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mwanayu sadzakulankhulanibe. Sikuti mumasowa ayi. Mumamulanda mawu m'kamwa."

Mayankho anali atafola kale palilime la Wayilesi. Koma tsiku limenelo anawameza onse, ndipo anawawa pomeza.

M'mawa mwake anabwerera ku gulu kukatenga mbali yopanda mawu ija. Inu, kunali ntchito! Wina akamalankhula, milomo ya Wayilesi inkayenda yokha, kunong'ona mawu a mwiniwake. Bambo Bwerezani anakalipa mpaka kutopa, kenako anatumiza kapu ya madzi. Anamuuza kuti amwe koma asameze, akhale nawo m'kamwa mpaka gawo lithe. Tsiku loyamba anawalavulira pa malaya a mnzake. Tsiku lachiwiri anatsamwa. Anzake ankamuseka kuti wayilesi yatha mabatire.

"Iwe sumvera mnzako, umamuthamangitsa," anatero mkuluyo. "Mawu akewo ukuwadziwa, inde. Koma lero akuwanena bwanji? Bwerezani."

Anabwereza mpaka masaya kuwawa. Ndipo pang'onopang'ono anayamba kumva zinthu zimene sankazimva m'mawu omwe anawaloweza kalekale. Anamva pamene liwu la mnzake likunjenjemera. Anamva kuti munthu akaima chete, nthawi zambiri sanaiwale, akusonkhanitsa mphamvu. Nkhope yake inayamba kuyankha yokha popanda kuikakamiza.

Kenako anachita chinthu chimene anali asanayesepo. Anapita kwa Bambo Bwerezani n'kuwapempha kuti asamamuyembekezere m'mamawa, chifukwa nthawi imeneyo azikaperekeza mwana kusukulu. Analonjeza kuti anzake akamapuma masana, iye azitsala pa siteji kubweza nthawiyo. Mkuluyo anang'ung'udza kuti gulu si sukulu ya mkaka, koma anavomera.

Ndiye anayamba kuyenda awiri, mayi ndi mwana, kudutsa pa okonza njinga, pa mayi wogulitsa nthochi, kuwoloka msewu waukulu, onse ali duu. Kwa Wayilesi kunali ngati kuyenda ndi mwala m'nsapato. Sabata zinapita osamva kanthu. Tsiku lina mwana analoza kumwamba n'kuyamba kuti "mvu-mvu," mayi mwachimwemwe anafuula kuti mvula, eya, kukubwera mvula. Mwana anatseka pakamwa pomwepo. Wayilesi anaima pakati pa njira, n'kugwada kuti alingane naye.

"Pepa mwanangu, ndakulanda. Lilimeli ndikulimbana nalo. Usanditaye."

Atafika pamsewu waukulu, mwana anagwira dzanja la amayi ake asanauzidwe.

Mawu anayamba kubwera amodziamodzi, lero "galu," mawa "ndatopa." Gulu likapita kukasewera kutali, Wayilesi ankaimba foni kunyumba asanalowe pa siteji, n'kuigwira pakhutu ali chete. Anzake ankamufunsa ngati akumvetsera mphepo. Iye ankangowakwezera chala kuti akhale chete, chifukwa kutsidya kunali munthu amene akulimbana ndi liwu.

Ndipo taonani zodabwitsa. Sewero la kuchipatala lija litayambanso kuonetsedwa, anthu potuluka sankakamba za amene analankhula kwambiri. Ankakamba za mayi wa pabenchi. Ena ankabweranso kachiwiri kudzangoona nkhope yake pamene mnyamata wina akumuuza kuti amayi ake amwalira. Chaka chisanathe, Bambo Bwerezani analemba sewero latsopano, lokasewera m'holo yaikulu imene gululo linali lisanapondemo, ndipo mbali yaikulu anaipereka kwa Wayilesi.

Tsiku lotsegulira linali Loweruka masana. Minibasi ya gulu inaima pamsewu n'kuliza hutala. Wayilesi ananyamula chikwama, n'kufika pakhomo, mwana uja anamugwira mkono wa diresi.

"A-a-amayi."

Hutala inaliranso. Wina anafuula kuti achedwa. Wayilesi ankadziwa kuti m'minibasimo muli mtsikana amene analoweza mbali yake yonse, wokonzeka kulowa m'malo mwake. Mwayi umenewu ukanapita sukanabweranso. Lilime linafuna kunena kuti tikamba ndikabwera. Koma anayang'ana nkhope ya mwana wake, n'kuona kuti nkhaniyi wakhala akuinyamula kwa masiku. Anaika chikwama pansi, n'kukhala pa simenti pomwepo.

Telala anatuluka kukauza dalaivala kuti atsogole. Minibasi inanyamuka, phokoso lake n'kuzimiririka.

"A-aphu-phunzitsi anafunsa a-amene akufuna ku-kuchita sewero. Ndiye i-ine ndi-ndi-ndi..."

Wayilesi anaganiza kuti mathero akuwadziwa: ndinaopa, ndinabisala, anandiseka. Mawu omutonthoza anali okonzeka kale. Anawagwira. Milomo ya mwana inkanjenjemera, maso atatsinzina, tizibakera titakungidwa. Mayi anadikira.

"...ndinakweza mkono. Mu-mundiphunzitsa?"

Akanamumalizira, akanamuika m'kamwa mantha amene mwanayo analibe. Wayilesi anamukumbatira, misozi ili chuchuchu, n'kumuuza kuti ayamba mawa lomwe, dzuwa likangotuluka. Anasangalala chisangalalo chimene siteji inali isanamupatsepo.

Kuholo anapita pa njinga ya mwamuna wake. Telala anapalasa ngati mnyamata, tepi yoyezera ikuuluka m'khosi, mkazi wake ali kumbuyo atakumbatira chikwama. Anafika belu loyamba litalira kale, mtsikana uja atayamba kuyesa diresi. Bambo Bwerezani anamufunsa kumene anali. Iye anayankha kuti mwana wake ankalankhula naye. Mkuluyo anatembenuka n'kuuza mtsikana uja kuti avule diresi la eni ake.

Tsiku limenelo Wayilesi anasewera ngati munthu watula katundu. Polankhula analankhula, podikira anadikira, ndipo pamene anaima chete holo yonse inaima naye. Pomaliza anthu anaimirira, kuomba m'manja mpaka katani kutsegulidwanso. Kuchokera pamenepo dzina lake linamveka kutali, magulu ena n'kuyamba kumulimbirana. Kwa aliyense womufuna iye ankanena chimodzimodzi, kuti ntchito aigwira ndi mtima wonse, koma m'mawa ndi wa mwana wake. Ndipo ankamulola, chifukwa munthu wodziwa ntchito sakanidwa.

Sewero la kusukulu linachitika kumapeto kwa teremu, m'kalasi imene anatulutsamo madesiki. Mwana uja anali mlonda wa pachipata, ndipo anali ndi chiganizo chimodzi chokha. Nthawi yake itakwana, liwu loyamba linamukanirira. Ana ena anayamba kuseka chamseri. Aphunzitsi anasendera kuti amunong'oneze. Mtsikanayo anakweza maso, n'kupeza amayi ake pamzere wakutsogolo, manja ali pamiyendo, akumuyang'ana ngati alibe kwina kopita dziko lonse lapansi. Anakoka mpweya monga anaphunzirira kunyumba, n'kulikankha liwulo mpaka linatuluka, lachiwiri n'kutsatira, chiganizo chonse n'kufika kumapeto. Makolo anaomba m'manja, telala n'kuimba likhweru mpaka mkazi wake kumugwira malaya.

Pobwerera, mwanayo anafotokozera amayi ake sewero lonse kuyambira pachiyambi, ngati kuti iwo kunalibe. Njira yaifupi anaiyenda nthawi yaitali, akuima pamene liwu laima. Chibwibwi sichinathe, ndipo mwina sichidzatha. Koma mwana amene ankayankha amayi ake ndi mutu tsopano ankawakoka dzanja kuti amve bwino, nkhani isanathe.

Ndiye inu amene mwagwira njakata pakati pa ntchito imene mumaikonda ndi anthu amene mumawakonda, musafulumire kutaya chimodzi. Fufuzani kaye pamene pakudontha, mwina si pamene anthu akulozapo. Mayiyu anagwa kuntchito ndi kunyumba tsiku limodzi, anasekedwa, analakwitsanso atayamba kale kukonza, koma anadzuka n'kubwereza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Limbani mtima, musagonje, ndipo lero mukafika pakhomo, wina akayamba kukulankhulani, ikani chikwama pansi mumudikire amalize.