Makobidi a Bulangeti pa Sikelo ya Ana

Mwana wanga woyamba ali ndi miyezi isanu ndi inayi, tinkakhala ku Sadzi m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi. Bambo ake ankacheka matabwa kuphiri, kutsika Loweruka lokha. Ine ndinkakazinga mandasi n'kumagulitsa m'mbali mwa njira kwa amayi otsika ndi nkhuni pamutu. Limodzi linali K10, ndipo ankandilipira ndi makobidi akuluakulu aja, olemera, a mitundu iwiri.

Pa kaunjika m'tauni ndinaonapo bulangeti la ana lachikasu, lofewa ngati mwanapiye wongoswedwa kumene. Mtengo wake K1,200. Juni wa ku Zomba sanyengerera, chifunga chimatsika phiri mpaka kulowera pansi pa chitseko, koma mwana wanga ankangofunda zitenje ziwiri. Ndiye tsiku lililonse ndinkaponya makobidi angapo mu sokosi yakale ya bambo ake.

Kuwerenga sindinkawerenga. Khoma lathu linali lopyapyala, makobidi akangolira anzanga a khomo linalo ankatulukira kudzabwereka, ndipo ine kukana sindimatha. Ndinawerengapo kamodzi kokha, tsiku lamvula malata akusokosera. Ndinapeza kuti makobidi olemera ngati paketi imodzi ya shuga ndi K650. Kuyambira pamenepo ndinkangoyeza ndi manja, sokosi kumanja, shuga kumanzere. Vuto linabwera sokosi itapitirira paketi imodzi. Paketi yachiwiri ndinalibe, mvula nayo inali itasiya. Ndinkaopa kukakhuthula makobidi pamaso pa wogulitsa, kenako n'kupezeka kuti ndapereweza, anthu akundiyang'ana.

Kumapeto kwa Meyi linafika tsiku lopita ndi mwana ku sikelo. Ndinati ndikalimba mtima ndidzera kumsika, choncho sokosi ija ndinaiberekera limodzi ndi mwana kumbuyo. Ku sikeloko alangizi a zaumoyo ankakoleka sikelo pa nthambi ya mango, mwana n'kumulendewetsa m'chitenje cha amake. Nthawi yanga itakwana ndinasowa poika sokosi. Kuisiya pansi, ilira. Ndinangoisiya momwemo m'chitenje, pansi pa matako a mwana.

Alangizi anayang'ana muvi, n'kuyang'ana khadi, n'kugogoda sikelo ndi chala.

"Mayi, mwanayu mukumudyetsa chiyani? Mwezi watha anali makilo eyiti, lero teni ndi kanthu!"

Amayi anzanga anaombera m'manja. "Atiuze phala lake, ife ana athu akungokwera mwaulesi!"

"Kapena akumudyetsa simenti," anatero mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nane, wabereka mdzukulu.

Ine mutu pansi. Pamenepo mwana anaponya miyendo mokondwa, ndipo chitenje chinalira kuti ngwere ngwere.

Alangizi anapisamo dzanja n'kutulutsa sokosi yotupa ngati chinangwa. Kuseka kumene kunabuka pansi pa mango paja sindidzakuiwala. Mwana nayenso ankaseka, osadziwa chomwe akusekera.

"Mwana wakhalira banki!" anakuwa mayi achikulire aja. "Amake mwana, ameneyu musungireni mdzukulu wanga uyu, adzakwatirane."

"Ndi za bulangeti," ndinatero, mawu osamveka bwino. "Koma sindikudziwa ngati zakwana."

Ndinawafotokozera za paketi ya shuga ija. Palibe anandinyoza. Alangizi anayamba ayeza mwana payekha n'kulemba pa khadi, kenako anati, "Tsopano abwere m'bale wakeyu." Anamanga sokosi pa ngowe ya sikelo. Amayi onse anaimirira kudzaona muvi.

"Makilo awiri, kungoperewera pang'ono. Paketi ya shuga ndi kilo imodzi. Ndiye muli ndi mapaketi awiri, mayi, wina wanyambitako pang'ono," anatero alangizi.

Ndinawerengera m'mutu pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka. K650 kawiri ndi K1,300. Ngakhale kuchotsapo konyambitidwako, bulangeti linali langa.

Mayi achikulire aja anati nawonso akulowera m'tauni, tipitire limodzi. Njira yonse ankandiuza kuti ndisakayambe ndine kulankhula. Titafika, bulangeti lachikasu linali likadalipo, lapindidwa pansi pa majuzi.

"Achimwene, yalani thumba pansi," anatero iwo kwa wogulitsa. "Kwabwera kasitomala wa makilo awiri."

Mnyamatayo ataona mulu wa makobidi anagwira m'chiuno. "Asisi, mwathyola mbale ya kutchalitchi kapena?"

"Ndi mandasi amenewo," ndinayankha ndekha, mokweza ndithu, mpaka ndinadzidabwa.

Anawerenga akuunjika khumi khumi, ife titanjuta, mwana akufuna kutola khobidi limodzi kuti aike m'kamwa. Zinakwana K1,270. Mtima unakhala pansi. Pa zotsalazo ndinagula nthochi, tinadyera pomwepo ndi mayi aja, zinazo ndinakwerera minibasi, ine amene ndinkayenda wapansi masiku onse.

Dzuwa linali likuswa mtengo, m'minibasi muli thukuta lokhalokha, koma mwana ndinamukulunga m'bulangeti lake mpaka m'khosi. Kondakitala anandifunsa ngati akudwala. Ndinati ayi, akungoliyesa.