Imelo Imene Inafunsa Regi ya Bambo

Imelo ya bambo anga ndinawatsegulira ndine, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Anali atangopuma pa ntchito ya ulonda, imene anaigwira kumayadi kuyambira ine ndisanabadwe, akuyenda wapansi kuchokera kwathu ku komboni ya Ng'ombe. Kampani yawo ya alonda inati ndalama zopumira siipereka pamanja, atsegule akaunti ku banki, ndipo pa fomu pankafunika imelo. Ndinawagulira kafoni kotchipa m'tauni n'kuwaphunzitsa podina. Ndinkadzitama kuti ndawatsegula maso madala. Ndalamazo zinali za malata a nyumba yathu yodontha, zotsala azidya pang'onopang'ono kuti asadzaimenso pageti la munthu.

Agogo anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito, ndipo bambo anabadwira mu Lusaka muno. Koma mu komboni munthu akakwiya nawe pampopi, mawu ake oyamba ndi akuti "bwererani kwanu". Bambo anakula ndi mantha amenewo. Regi yawo, chiphaso cha unzika, ankaikulunga m'pulasitiki, ndipo ofesi iliyonse ikafunsa za mapepala sankafunsa chifukwa. Ankangopereka msanga, mwaulemu, osauza munthu. Kwathu za mapepala sizinkakambidwa, ngakhale ndi ana omwe.

Ndiye kunabwera imelo yokhala ndi chizindikiro cha banki pamwamba, mtundu wake womwewo. Inati banki ikukayikira mapepala a makasitomala ena, aliyense atsimikize unzika wake tsiku lisanathe, apo ayi akaunti itsekedwa. Pansi pake panali podina. Akanawalembera kuti apata galimoto, bambo akanangoseka, chifukwa sanali munthu wadyera. Mbavazo zinakhudza pabala lakale.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti ndinalipo. Ndinkachapa panja masana amenewo, ndipo ndinawaona pakhomo atavala magalasi, foni m'manja, regi pabondo.

"Batate, muchita chani na regi?" ndinafunsa.

"Palibe, niyangana chabe vinthu vanga," anatero osadzutsa mutu.

Ine n'kupitiriza kuchapa, chitsiru ine. Munthu amene meseji ya mawu atatu inkamutengera theka la ola analemba yekha nambala ya regi, ya khadi, ndi yachinsinsi. Foni italira ndi nambala ina yochokera ku banki yeniyeni, nayonso anaikopera pomwepo. Sanalakwitse ngakhale pamodzi.

Tinadziwa Lachisanu, ku shopu ya malata. Malata anali atasankhidwa kale, wangolo akudikira panja, koma khadi linakana kawiri. Mwini shopu anatiyang'ana ngati tabwera kudzamuseweretsa. Tinakwera minibasi kupita ku banki, ndipo ndi pamzere pamene bambo anandionetsa imeloyo.

Mayi wa pa desiki anayang'ana pa kompyuta n'kutiuza kuti ndalama zonse zinatuluka tsiku lomwe lija. Kenako anatenga foni n'kuyamba kutiphunzitsa. Anationetsa kuti adiresi ya wotumizayo inali ndi zilembo zowonjezera, si ya banki. Anati onani, sanakutchuleni ndi dzina lomwe. Anati banki siifunsa nambala yachinsinsi pa imelo kapena pa foni, ndipo uthenga ukamakufulumizitsani ndi kukuopsezani musadine kanthu, bwerani kuno kapena imbani nambala ili kuseri kwa khadi. Zonse zinali zoona, ndipo lero ndimaziuza aliyense wofuna kumva. Koma tsikulo magazi anga anawira. Mawu okomawa anali kuti pamene ankawasainitsa mafomu? Ndipo ine ndinali kuti, amene ndinawaphunzitsa kudina osawaphunzitsa kukayikira?

Ndinafunsa ngati ndalamazo zingabwerere. Anati tilembe dandaulo, tipitenso kupolisi, koma nkhope yake inali itayankha kale.

Bambo anali atagwira chipewa m'manja. Kenako anasendera pafupi ndi desiki, natsitsa mawu kuti a pamzere asamve.

"Bamayo, manje regi yanga ili chabe bwino? Kulibe vuto na mapepala yanga?"

Mayiyo anadabwa. "Ili chabe bwino, batate. Palibe wamene anaikayikira."

"Zikomo kwambiri," anatero bambo, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika ngati munthu amene watula katundu. Anathokoza! Thukuta la moyo wawo wonse litapita, iwo anathokoza. Ndinatuluka panja chifukwa ndikanakhala ndikanatukwana, ndipo sindikudziwa kuti ndikanatukwana ndani.

Pobwerera mvula inali itayamba kuwaza. Minibasi itakhota kulowa msewu wa kwathu, bambo anandigwira mkono n'kufunsa ngati nsapato zawo za ulonda zikadalipo.

Ndinali nditazipereka kale kwa mwamuna wa mnzanga, tsiku limene anapuma ntchito.