Chingerezi chilibe "inu"

Chingerezi chilibe "inu". Mwana, mfumu, apongozi, ngakhale galu, onse ndi "you". Ana a Fomu 2 amene ndinkawaphunzitsa pa sekondale yoyendera kufupi ndi Nsaru, chimenechi chinkawavuta kuposa galamala yense. Kunena "you" kwa ine kunali ngati kundiloza ndi chala, ndiye ankangozungulira mpaka funso n'kuliiwala.

Ine ndinali nditatopa nacho Chingerezi cha pabolodi, chija mwana amakhoza nacho mayeso koma mlendo akamufunsa njira ya ku Kabudula amangomwetulira. Choncho Lachisanu tinkakankhira madesiki kukhoma n'kumayeserera zochitika za masiku onse: wogulitsa tomato ndi wogula wokakamira kutsitsa mtengo, kondakitala ndi mayi amene wapitirizidwa siteji. Aphunzitsi anzanga ankati kalasi yanga yasanduka msika. Ndinkawayankha kuti kumsika anthu amamvana.

Kumbuyo kunkakhala mtsikana wina wamtali. Mayi ake anamwalira iye ali ku pulayimale, ndipo ankaleredwa ndi amalume ake, mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo. Zolemba ankakhoza, koma ukamufunsa pakamwa ankangoti duu.

Lachisanu lina ndinati aliyense asankhe munthu wa kwawo amene akufuna kumuuza zinazake, ine ndikhala munthuyo. Wina anasankha achimwene ake omana njinga, tinaseka. Kenaka mtsikana uja anaimirira n'kunena kuti ndikhale amalume ake. Ndinakhala pampando mwaufumu, n'kukhosomola pang'ono kuti anzake aseke.

Iye sanaseke. Anandiyang'ana m'maso n'kuyamba ndi "you". Ndikati ndiwatembenuze mawu akewo mmene anamvekera, ndi awa: "Iwe, ukufuna kunditumiza ku Lilongwe ndikalere mapasa a mwana wako. Ukuti sukulu ndikapitiriza konko. Ukunama. Mchemwali wanga unamuuza zomwezo, lero ali kuti? Ine sindipita. Ndikufuna kulemba mayeso."

Galamala anali wotsimphina, koma panalibe amene sanamve. Anzake anawomba m'manja. Ine ndinakondwa kuti wayankhula, komanso ndinachita mantha.

Titaweruka ndinamuitana. "Kodi zija n'zoona?"

"Zoona, madamu. Akudzanditenga Lamulungu tikaweruka kutchalitchi."

"Amalume ako unawauza maganizo ako?"

"Ndingayambe bwanji, madamu?"

Loweruka ndinakwera kabaza mpaka kumudzi kwawo. Amalumewo ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya. Ndinapita nditakonzekera kukangana ndi munthu wankhanza, koma anandiyalira mkeka, n'kundipatsa mtedza wokazinga. Anandifotokozera modekha kuti mpongozi wawo anachira movutikira, mapasa akusowa wowagwira, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Ndinapempha kuti mwiniwake anenepo. Anamuitana, anabwera n'kugwada chapatali.

"Nena zija unanena m'kalasi," ndinatero.

"Amalume," anayamba motero, mawu n'kuthera pomwepo. Anayesanso. "Amalume, ine..." Basi.

Kenaka, ali chigwadire, anatembenukira ku Chingerezi. Ananena zonse, bwino kuposa m'kalasi, osaphonya ngakhale pamodzi. Amalume ake, amene Chingerezi sankachimva, ankamwetulira monyadira.

"Mwamumva, aphunzitsi? Ngati wa pa wayilesi. Akuti chiyani kodi?"

Ndinatsegula pakamwa ndili wotsimikiza kuti sindibisa kanthu. Koma Chichewa chathu chimabwera ndi mawondo ake. "Sindipita" anatuluka ngati "akanakonda mukanamulola alembe kaye mayeso." Nditafika pa "ukunama" ndinafunafuna pomuika. Bambo wa imvi, pakhomo pawo, ine nditakhala pamkeka wawo, mtedza wawo uli m'manja. Ndinangomva ndikunena kuti, "Akuti za achemwali ake zija mwina sizinayende monga munkaganizira."

Anagwedeza mutu. "Mwana waulemu ameneyu, eti? Mwamuphunzitsa bwino. Mayeso sathawa, aphunzitsi. Akalemba konko."

Ndinayesanso mbali iyi ndi iyo, ndinatchula za lamulo, ndinatchula za tsogolo lake. Chilichonse anachilandira ndi zikomo, ndipo palibe chimene chinasintha. Mtsikanayo anali atadzutsa mutu. Sankayang'ana amalume ake, ankayang'ana ine. Anali atamva zimene ananena yekha, n'kumvanso zimene ine ndinazisandutsa.

Potsanzika amalumewo anamuuza kuti andiperekeze mpaka pamsewu. Tinayenda pakati pa minda ya chimanga chouma. Ndinali nditamuphunzitsa mwana kunena zakukhosi m'chinenero chimene mwini nkhani sachimva, ndipo m'chinenero chimene amachimva, ngakhale ine mphunzitsi wake ndinalephera.

Titafika pamsewu ndinamuyankhula m'Chingerezi. Ndinamuuza kuti anene chilichonse chimene ali nacho pa ine, andikalipire ngati akufuna, m'Chingerezi mulibe wamkulu. Ndinkafuna anditchule "you" kamodzi kokha.

Anapinda mawondo pang'ono, manja ali pamodzi, n'kuyankha m'Chichewa.

"Zikomo, madamu, mwayesetsa. Muyende bwino."

Anapita ku Lilongwe mawa lakelo, ndipo mayeso aja sanalembe.