Denga la a Laston ndi mwezi wofiira

A Laston Kaliati anabadwira cha ku Migowi, koma imvi zawamerera ku Nkhulambe, komwe anapita chikamwini akadali mnyamata. Ntchito zawo n'ziwiri: kufolera nyumba ndi kukumba mbewa. Madenga ambiri audzu m'mudzimo anadutsa m'manja mwawo, ndipo palibe anadandaulapo kuti pakudontha. Koma denga lawo eniake, chaka chomwe ndikunenachi, linali loti ukakhala m'nyumba umaona akhwangwala akudutsa.

Udzu unalipo. Akazi awo, a Fainess, anamweta kalekale, mitolo ili ndundundu kuseri kwa nyumba. Luzi nalo linalipo. Chimene chinavuta ndi mwezi.

M'chilimwe, mwezi ukakhala wathunthu umatulukira cha ku Mozambiki dzuwa litangolowa kuseri kwa phiri, uli psuu, waukulu ngati lichero. A Laston ankauyang'ana ali pakhonde, n'kupukusa mutu.

"Amake Tikondane, mwauona? Magazi okhaokha. Zija amanena kutchalitchi zija ndi izi. Dziko latha ili. Ndiye munthu n'kumavutika ndi kufolera?"

"Dziko latha, koma mbewa ndiye mukukumbabe," anayankha a Fainess akusola nandolo.

"Mbewa ndi za lero. Denga ndi la mawa."

Apa mpomwe nkhaniyi imandiseketsa. Masana onse a Laston ankakhala kutchire ndi anzawo, akuyatsa moto kuti mauna a mbewa aoneke bwino. Chigwa chonse chinkangoti tolotolo utsi, kuwonjezera fumbi la m'misewu ndi la m'minda yogalauza. Mwezi ukakhala m'munsi, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wambiri usanatifike, ndipo utsi ndi fumbi zimamwaza mitundu ina ya kuwalako, n'kutsala kufiira. Ukakwera pamwamba umayera mbee. Kunena mosabisa mawu, a Laston ankaudetsa okha mwezi masana, madzulo n'kumauopa.

A Fainess sanapite patali ndi sukulu, koma akhala m'khitchini moyo wawo wonse.

"Inu, nyali ija mukaiona muutsi wa nkhuni zaziwisi simaoneka yofiira? Dikirani pang'ono mwezi ukwere, muuone."

A Laston sakanadikira. Iwo nkhuku zikamalowa nawonso amalowa, ndipo sanasinthepo chikwatirireni. Mwezi woyera wa m'chilimwe ankangoumva kwa anthu.

Komabe tisawaseke kwambiri. Bambo ameneyu anamangapo nyumba ina, ya njerwa zootcha, imene anaiunjikira thukuta la zaka zambiri. Chaka cha namondwe uja, madzi atatsika m'phiri ndi miyala, nyumbayo inapita yonse, pamodzi ndi mbuzi, ndi anansi ena amene mpaka lero sanapezeke. A Laston anapulumuka ndi mkazi wawo ndi zovala za m'thupi. Kuyambira pamenepo mtima wawo unafooka. Za anthu ena ankafolera, poti ndi ganyu. Koma kukonza chawo, n'kuchikonda, n'kudzachionanso chikupita, zimenezo ankaziopa kuposa imfa. Mwezi unangowapatsa ponamizira.

Mitambo itayamba kusonkhana paphiri, kunabwera a Fletcher, mlongo wawo wa a Fainess, amene ndi mwinimbumba. Anakhala pampando, anafunsa za moyo, kenaka anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Alamu, ife kuno mkamwini timamudziwira padenga. Mvula yoyamba ikagwera mlongo wangayu m'nyumba, basi, minibasi za ku Migowi mukuzidziwa pokwerera."

"Ndamva, alamu," anatero a Laston. "Kungoti mvulayo sitifika nayo."

A Fainess zinawawawa. Sankafuna kunyowa, komanso sankafuna kuti mwamuna amene anawakoka m'matope tsiku lija apirikitsidwe ngati galu wakuba mazira. Kulankhula anali atalankhula mpaka kukhosi kuuma.

M'mawa mwake a Fainess anabwereka makwerero, anamanga chitenje molimba, nanyamula mtolo wa udzu. Kwathu kuno mkazi amamweta, mwamuna ndiye amakwera. Mkazi akaoneka padenga mwamuna ali moyo, mudzi wonse umadziwa kuti pakhomopo palibe bambo. Amayi opita kumjigo anaima, ndowa zili pamutu. Wina wanjinga anatsika n'kuyamba kukonza tcheni chomwe sichinaduke.

A Laston anatulukira ali ndi khasu lawo la mbewa paphewa. Anaona anthu, anaona mkazi wawo ali pamwamba penipeni, akuyala udzu kuyambira pansonga kutsika m'munsi. Manyazi akanatha kuwapirira. Chimene sakanapirira ndi ntchito yolakwika.

"Amake Tikondane! Mukutani?"

"Ndikufolera."

"Amayambira pamwamba ndani? Madzi adzalowa onse pamenepo! Amayambira m'munsi, wapamwamba uzipsinja wapansi!"

"Nanga zili ndi kanthu? Si dziko latha?"

A Laston anaponya khasu pansi.

"Tsikani."

A Fainess anatsika mosafulumira, akusasa udzu pachitenje. Mwamuna wawo anakwera, anasasula zonse zimene iwo anayala, akung'ung'udza, n'kuyamba mzere woyamba m'munsi. Manja anakumbukira okha ntchito yawo. Anthu aja ataona kuti palibenso choonera, anapitiriza ulendo.

Dzuwa likupendeka, mbali imodzi inali itatha, yosalala bwino. A Fainess ankaponya mitolo ali pansi. Cha ku Mozambiki mwezi unayamba kusuzumira muutsi, wofiira ngati dzulo lomwe.

"Uwo watulukatu," anatero a Fainess. "Nanga dziko likathadi?"

A Laston sanacheuke. Anakoka luzi ndi mano, namanga mfundo.

"Likatha litipeze tili pouma. Ponyani wina."