Kuitana Lufeyo Kamodzi

Ndikakumbukira agogo aamuna, chimabwera m'mphuno ndi fungo la simbi ya makala pa nsalu ya kaki yonyowa. Adali telala pakhonde la sitolo ya Mmwenye, kumtunda kwa mlatho wa Lilongwe, masiku a Chitaganya, kuno ku Area 47 kukadali minda ndi tchire. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza akupalasa makina, fumbi la ngolo likugwera pansalu, iwo akuimba motsitsa nyimbo yawo imodzi yomweyo.

Nyimboyo adaipeka okha. Inkaitana Lufeyo, mwana wawo mmodzi yekhayo, bambo anga, amene adapita ku Halale kukafuna ntchito ine ndili kumsana, osalembako ngakhale kalata. Mzere uliwonse unkayamba ndi dzina lake. Lufeyo, mvula yagwa. Lufeyo, amako tidaika. Lufeyo, mwana wako wamera mano. Anthu ankati mwana wawo ndi mtchona basi, koma agogo ankangoti, "Munthu akamatchulidwa, khutu limamuyabwa."

Ndili Sitandade 4, aphunzitsi adatiuza kuti aliyense alembe ndakatulo yochokera kwawo. Ine ndidalemba mizere ya nyimbo ya agogo imene ndinkaikumbukira. Pepala lidabwerera litafiira ndi inki. Aphunzitsi adali atafufuta dzina la bambo paliponse, kusiya loyamba lokha, ndipo m'mbali adalemba kuti kubwerezabwereza mawu ndi umphawi wa nzeru.

Ine ndi kamutu kanga kasukulu ndidaona ngati ndatola chanzeru. Ndidathamangira kukhonde kuja.

"Agogo, nyimbo yanu aikonza. Imvani mmene ikukomera tsopano."

Ndidawerenga mokweza, monyada, pamaso pa mayi wina amene ankadikira diresi lake. Mapazi a agogo adaima pa makina.

"Ndiye aphunzitsi akuti ndizimuitana kamodzi?"

"Eya. Akuti kubwereza ndi kwa anthu osaphunzira."

Mawu amenewo aphunzitsi sadanene, ndidawonjezera ndekha.

Agogo adayang'ana pepalalo nthawi yaitali, ngakhale sankadziwa kuwerenga. Kenaka adati kwa ine, "Ophunzira ndinu, mama. Mwina n'chifukwa chake sabwera, ndamutopetsa." Adaluma ulusi n'kupitiriza kusoka.

Sadaimbenso. Ndidadikira sabata, mwezi, chilimwe chonse. Makina ankalira okha. Tsiku lina ndidawapempha kuti aimbe, iwo adati pakhosi pawauma. Adasiyanso kufunsa anthu otsika basi ya Kumwera ngati adamuonako mwana wawo. Adamwalira Chitaganya chisanathe, nsalu ya munthu ili pa makina.

Ndidakula n'kukhala mphunzitsi wa Chichewa, taonani zakezo. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba pabolodi zipangizo za ndakatulo, zining'a, zifanifani, ndi chija timachitcha chibwereza. Ndimauza ana kuti mlakatuli amabwereza mawu pamene chimene chikumupweteka chikukana kuchoka, ndipo ana amalemba m'makope mwawo kuti akakhoze mayeso. Akandipempha chitsanzo ndimatsegula buku. Nyimbo ya agogo sindingathe kuwapatsa, chifukwa ndidaloweza yokonzedwa ija, ndipo mizere ina idapita nawo kumanda.

Zimandiwawa mpaka lero, ndipo palibe wondikhululukira amene adatsala. Bambo anga sadabwere. Sindikunena kuti akadamva. Koma nkhalamba ija idali ndi njira imodzi yokha yoitanira mwana wake, ndipo amene adaitseka pakamwa ndine.